Kalata yotseguka kwa atsogoleri athu kuno kum'mawa: tisaiwale mbalame za ku Malambo

Kwa a Nduna a chigawo cha kum'mawa, mafumu athu a Akunda ndi mafumu onse a m'chigwa cha Luangwa, aphungu, makhansala a ku Mambwe, Chipata, Kasenengwa, Chipangali, Lumezi ndi Lundazi, komanso akuluakulu oyang'anira nyama zakutchire ndi nkhalango,

Ndapereka ulemu kwa nonse. Ine ndine munthu wamba, ndimakhala ku Chipata koma mchombo wanga unakwiriridwa ku Malambo, kuchigwa cha Luangwa, ndipo abale anga akadali komweko, amalima thonje, mapira ndi kampunga pang'ono. Ndalemba kalatayi poyera kuti aliyense awerenge, paja wakutsina khutu ndi mnansi. Nkhani yanga ndi ya mbalame za mu mtsinje wa Luangwa. Ndikudziwa ena aseka kuti anthu ali ndi njala, misewu yafa, iwe ukukamba za mbalame, koma chonde werengani mpaka kumapeto chifukwa zimene zikupha mbalamezi ndi zomwezo zimene zikubwera kudzavuta ife eniakefe.

Pa miting'i yonse ya zachilengedwe imene imachitika kuno mumamva njovu, mkango, nyalugwe, mvuu, nyamalikiti wathu uja wa Thornicroft amene sapezeka kwina kulikonse. Zabwino ndithu, palibe akutsutsa. Koma South Luangwa National Park yokha, imene inakhala paki mu 1972 ndipo ndi yaikulu masikweya kilomita 9,050, ili ndi mitundu ya mbalame yoposa 400. Zambia yonse ili ndi mitundu yoposa 750, nde muone, theka lake ndi kupitirira lili pakhomo pathu pompa. Nkhwazi imene ili pa mbendera yathu kuchokera 1964, imene timaimba mu nyimbo ya fuko, ku Luangwa ukadzuka mmawa umaimva ikulira itakhala pa mtengo wouma mmbali mwa madzi, mutu ikuuponyera kumbuyo. Timailemekeza pa nsalu ndi pa ndalama, koma ya moyo ija imene ikudya nsomba za mu mtsinje wathu sindinamvepo mtsogoleri ataimirira pa msonkhano kufunsa kuti kodi ikukhala bwanji.

Vuto lake ndi ili bwana, mbalame sidziwa malire a paki. Mbali yaikulu ya paki ili tsidya la kumadzulo kwa mtsinje, kuno kum'mawa kuli Nsefu ndi kachigawo kena kummwera basi, mbali yaikulu yotsalayo ndi Lupande Game Management Area kumene kuli midzi, minda, masukulu, misika. Mbalame imagona mu paki nkudzamwa madzi pa dambo la kumudzi, kapena imadya mu paki koma chisa chake chili mu mtengo umene uli mmunda mwa munthu. Sikauti wa mfuti angathe kulondera njovu, koma sangalondere kambalame kamene kauluka kupita kukamwa pa chithaphwi cha kuseri kwa mudzi. Choncho moyo wa mbalamezi uli mmanja mwa mfumu yogawa malo, khansala wopereka malaisensi a mashopu, ofesala wa zamalimidwe, ndi ife a ku Chipata amene timagula malasha.

Ndiyambe ndi malashawo poti ndi amene amandiwawa kwambiri. Aliyense amene amayenda msewu wa Chipata kupita ku Mfuwe amaona yekha matumba ataimikidwa mmbali mwa msewu, njinga zitasenza matumba atatu anayi zikukwera mapiri usiku, makanta odzaza mpaka pamwamba. Malasha amene amakondedwa mtauni ndi a mupani, ena amati tsanya, chifukwa ndi olemera, amakhalitsa pa mbaula, amayi amawadziwa pongowanyamula. Chilala cha 2024 chija, pamene a Pulezidenti analengeza kuti dziko lili pa ngozi ndipo magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, nyumba iliyonse ku Kapata, ku Mchini, ngakhale ku Kalongwezi kwa mabwana inayatsa mbaula. Tsono mu mitengo ikuluikulu ya mupani ija, yakalekale imene ili ndi mphako, ndi mmene mumakhala tizingolopiyo tating'ono tobiriwira ta nkhope yofiirira, magaidi amati Lilian's lovebird. Timbalameti sitipezeka paliponse padziko, makamaka ndi kuno ku Luangwa, chigwa cha Zambezi, ndi ku Liwonde ku Malawi kwa abale athu. Timagona mmphako, timaswera mmphako, ndipo mphako sipezeka mu kamtengo ka zaka khumi, imafuna mtengo umene unaona agogo athu ali ana. Munthu wa nkhwangwa amaugwetsa mmawa umodzi. Inde mupani umaphukira pa chitsa, koma zophukirazo ndi zitsamba chabe, mphako mulibe, ndipo zisanakule nkhwangwa yabweranso. Nde mukamva kuti tabzala mitengo masauzande pa tsiku lobzala mitengo, nzabwino, koma sizibweza nyumba ya kachingolopiyo kaja mu moyo wathu uno.

Sindikunena kuti mutumize anthu kukamenya mnyamata wootcha malasha kapena kumulanda njinga. Iye uja amapeza zochepa kwambiri, msana wake ndi umene umatha, wolemera ndi mwini kanta amene amagula thumba motchipa kumudzi nkudzagulitsa kawiri katatu mtauni. Lamulo la nkhalango la 2015 limalola midzi kukhala ndi nkhalango zawozawo zolembedwa mwalamulo, zoyang'anira okha. Mafumu athu, a Nsefu, a Kakumbi, a Mnkhanya, a Jumbe, a Malama, a Msoro, inu ndi amene mawu anu amamveka kumudzi kuposa pepala lililonse lochokera ku Lusaka. Pamene pakadali mupani waukuluukulu ikanipo dzanja lanu, nenani kuti apa nkhwangwa isalowe monga mmene sitidula mitengo ya kumanda. Ndipo a khonsolo, ngati ma roadblock alipo mu msewu uja, aziona mapepala a makanta, osati kulimbana ndi wa njinga yekha.

Nkhani yachiwiri ndi poizoni, ndipo iyi ndi yoopsa chifukwa imapha mwakachetechete ndiponso zambiri nthawi imodzi. Mankhwala a kumunda ena monga Temik ndi Furadan ndi aukali zedi, kambewu kochepa kokha kamagwetsa galu. Mmisika ina mumapeza timapaketi ta pulasitiki topanda dzina, topanda malangizo, munthu akugulitsa pa tebulo limodzi ndi mankhwala a makoswe ndi singano, mwana aliyense atha kugula. Ena amathira pa chithaphwi nthawi ya Okutobala madzi akasowa kuti agwire nkhanga ndi njiwa, koma pa madzi omwewo pamabwera chilichonse, tizingolopiyo tija timamwa tsiku ndi tsiku, timagwa gulu lonse. Nkhanga zakezo zikathyoledwa khosi nkuchotsedwa matumbo zimakagulitsidwa kapena kudyedwa pakhomo, ana nkudya. Ndinaonapo ndi maso anga bambo wina wachikulire atamaliza kupopera thonje, anatsikira pa kadziwe kotsala mu mtsinje wouma, anatsuka sipuleya yake bwinobwino kawiri nkukhuthulira madzi oyera ngati mkaka momwemo, pambali pake pali mapazi a nkhwali ndi njiwa pa matope, kumunsi pang'ono amayi akufukula mchenga kutunga madzi akumwa. Bamboyo si munthu woipa, anandipatsa moni mwaulemu, kungoti palibe anamuuzapo. Alangizi a zamalimidwe ndi makampani a thonje amene amapereka mankhwala pa ngongole ali ndi udindo apa, amene wapereka botolo aphunzitsenso kotsukira ndi kotaya botololo. A ZEMA, bungwe la boma loyang'anira zachilengedwe, ndi amene lamulo linawapatsa mphamvu pa mankhwala otere, nde tikupempha azifika mmisika ya kumaboma kuno limodzi ndi a zaumoyo a khonsolo.

Zimene zikuvutika koposa chifukwa cha poizoni ndi miimba. Ndikudziwa palibe amakonda muimba, ndi yonyansa maonekedwe, imadya zowola. Koma kuyambira 2015 mitundu itatu imene timaiona ku Luangwa, wa msana woyera, wa mutu woyera ndi kakang'ono kaja ka khosi lofiira kotchedwa hooded vulture, inalembedwa pa mndandanda wa dziko lonse wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Opha njovu amathira poizoni pa mtembo dala kuti miimba isazungulire mmwamba nkuwaulula kwa masikauti, enanso amathira pa ng'ombe kapena mbuzi yogwidwa ndi fisi pofuna kubwezera fisiyo. Ku Botswana mu 2019 miimba 537 inafa pa mitembo itatu yokha ya njovu. Muimba umaikira dzira limodzi pa chaka, limodzi basi, ndipo kholo likafa mwana wa mchisa nayenso wafa. Tsono ganizirani chigwa chathu chimene chili ndi mvuu zochuluka chonchi ndipo matenda a anthrax amabuka kawirikawiri. Mu 2011 ku Chama anthu mazanamazana anadwala atagwira ndi kudya nyama ya mvuu zofa ndi matendawa, ena anamwalira. Muimba umamaliza mtembo msanga usanafalitse matenda, mmimba mwake muli asidi woopsa amene amapha tizilombo tambiri. Ku India miimba itatha chifukwa cha mankhwala a ng'ombe otchedwa diclofenac, agalu olusa anachuluka pa mitembo ndipo chiwewe chinapha anthu ambiri. Ife tili ndi agalu kale mmidzi osabayidwa katemera, sitikufuna zimenezo. A BirdWatch Zambia anayamba kale ntchito ya malo otetezeka a miimba mmadera ena a dziko lino, a Conservation South Luangwa ali pompo pa Mfuwe, boma likhale nawo pansi, ndipo munthu wogwidwa akuthira poizoni pa mtembo mlandu wake uzilemera mofanana ndi wa minyanga.

Koma ndisangokamba zoipa, ndikufuna mudziwe chimene tili nacho, chifukwa ndikukayika ngati ambiri mwa inu munakhalapo pa gombe la Luangwa mwezi wa Seputembala. Nthawi imeneyo afulagombe ofiira aja, carmine bee-eater, amafika mazanamazana kudzakumba mauna mu zigombe zoimirira zimene madzi a dzinja anagumula. Una uliwonse umalowa mkati mita imodzi mpaka awiri, khoma lonse limangokhala mabowo okhaokha, ndipo mbalame zofiira ngati moto, mutu wobiriwira, zikulowa zikutuluka zili ndi njuchi kapena dzombe kukamwa, phokoso lake losatha, pansi ng'ona ndi ng'azi zikudikira kamwana kogwa, nkhwazi nayo ikadutsa zonse zimabalalika kamodzi kumwamba kufiira. Azungu amalipira madola ambirimbiri kukhala mu kamsasa ka udzu kutsogolo kwa khoma limenelo ndi makamera awo. Khoma lomwelo likakhala mbali ya kumudzi, mnyamata mmodzi wokhala ndi neti ya udzudzu atha kuliphimba usiku nkutha mudzi wonse wa mbalame, kupeza ndiwo za masiku awiri.

Ku Nsefu dzinja likangotha kumakhala chisa cha adokowe a mlomo wachikasu, mazana ambiri pa mitengo yochepa mpaka mitengoyo kuyera ndi zitosi. Ku Chichele pa madzi otentha a mchere paja pamasonkhana mbalame zazitali za chisoti cha golide pamutu, crowned crane, zimene nazonso zili pa mndandanda wa zotsala pang'ono. Matawale akayamba kuphwa mu Ogasiti ndi Seputembala milamba imatsala mu matope, nde mumaona avuwo, adokowe, akakowa ndi zimbalame zadazi zija za marabou zitadzazana pamodzi kuchita phwando. Pa mchenga wa pakati pa mtsinje pamaikira mazira ka African skimmer, kamene mlomo wake wapansi ndi wautali kuposa wapamwamba, kamauluka madzulo mlomo ukung'amba madzi, mazira ake amangokhala pa mchenga poyera nde ng'ombe kapena asodzi akamanga msasa pomwepo chaka chimenecho palibe ana. Mu mitengo ya mchenja ndi msikizi yoweramira pa maiwe akuya mumabisala kadzidzi wamkulu wofiirira wodya nsomba, Pel's fishing owl, amene anthu okonda mbalame amawoloka nyanja kudzangomuona kamodzi. Kwathu timaopa kadzidzi kuti ndi wa mfiti, anzathu amamulipirira tikiti ya ndege.

Zonsezi zimadalira chinthu chimodzi, kuti Luangwa azisefukira dzinja ndi kuphwa chilimwe mwa chikhalidwe chake, azigumula gombe uku nkuunjika mchenga uko, azisiya matawale akasintha njira. Apa ndiyamike boma, mu 2019 linaimitsa pulani yomanga damu ku Ndevu Gorge, chinali chinthu chanzeru ndipo chonde isadzabwerenso mwakabisira. Madambo a Luangwa analembedwanso pa mndandanda wa Ramsar mu 2007, kutanthauza kuti dziko lathu linalonjeza pamaso pa maiko ena kuwasamala. Koma mtsinje sufa ndi damu lokha. Lutembwe, Msandile, Lupande, Lukuzye, yonseyi imayambira kuno kumtunda kwathu. Tikadula mitengo mmapiri a Chipata, tikalima madimba mpaka pa mlomo wa mtsinje, tikawotcha njerwa mu dambo, dothi lonselo limatsetserekera ku Malambo nkukakwirira maiwe. Madzi amabwera onse tsiku limodzi nkukokolola minda ya anthu ku Mambwe, kenako mwezi wa Juni mtsinje wauma kale. Wa ku Chipangali wodula mitengo kuti awotchere fodya mwina sanaonepo Mfuwe, koma dzanja lake lafika kumeneko. Nchifukwa chake ndalembera makhansala a kumtunda nawonso, musati izi nza a ku Mambwe okha.

Ndikudziwanso mbali inayo, sindinakulire mu loji ine. Mpheta zikagwa mmunda wa mapira kapena mpunga zimatha zonse, ana amajomba kusukulu kukhala pa nsanja kuyambira mbandakucha akuimba zitini ndi kukuwa mpaka mawu kutha. Njovu nazo zimadya chimanga usiku umodzi, munthu nkutsala manja lende. Munthu wotere ukamuuza kuti samala mbalame akuyang'ana ngati wapenga, ndipo ali ndi chifukwa. Koma mlimi yemweyo amadziwa kuti adokowe akuda aja obwera ndi mvula yoyamba amatola dzombe ndi mbozi mmunda, kadzidzi amatha makoswe a mu nkhokwe, nsadzu amatsogolera wofula njuchi ku uchi. Makolo athu ankaletsa kupha nang'omba ndi kupasula chisa cha nantchengwa, ndipo ankadziwa chimene ankachita, nang'omba imalera mwana mmodzi yekha ndipo pamatha zaka isanalerenso wina, ukapha ziwiri wafafaniza banja lonse mdera limenelo. Malamulo amenewo sanalembedwe ndi mzungu, ndi athu, ndipo pa mwambo wa Akunda wa Malaila mafumu mutawakumbutsa anthu angamve.

Chimene chingasinthe mtima wa munthu wa ku Malambo kwenikweni ndi kuona phindu mthumba mwake. Ntchito ya alendo kuno inayamba pamene a Norman Carr anagwirizana ndi mfumu yaikulu Nsefu cha mma 1950 kuti ndalama za alendo zizipita kwa eni dziko, nzeru imeneyo inabadwira kuno kwathu. Lero makampu ambiri a mtchire amatseka mvula ikayamba mu Novembala mpaka cha mu Meyi, anyamata ophika, ochapa, oyendetsa galimoto amabwerera kumudzi kukakhala miyezi yonseyo opanda malipiro, nthawi ya njala yeniyeni. Koma dzinja ndiye nthawi ya mbalame, zochokera ku Ulaya ndi ku Asia zafika, anamzeze, adokowe oyera, ziwombankhanga zodzadya inswa, zakuno nazo zavala nthenga zoswera. Bwanji a zokopa alendo osalengeza Luangwa wa dzinja ngati malo a mbalame mwamphamvu, kuti ntchito izikhalapo chaka chonse? Ndipo mlendo wa mbalame safuna kulowa mu paki mokha, atha kuyenda pansi mu nkhalango ya mudzi ndi gaidi wa pamudzipo nkulipira kwa CRB, bodi ya anthu akumudzi yoyang'anira zachilengedwe, kapena komiti ya nkhalango, ndalama nkuoneka poyera kuti yagula mabuku kapena yakonza mjigo. Luambe ndi Lukusuzi nawonso ndi mapaki athu a kum'mawa amene angapindule ndi alendo otere misewu itakonzedwa.

Aphungu ndi makomiti a CDF, thumba la chitukuko cha dera la phungu, ndalama ija inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022 ndipo yakhala ikukwerabe, muli gawo la maphunziro a ntchito zamanja mmenemo. Ugaidi ndi ntchito, magaidi a ku Luangwa amadziwika Africa yonse chifukwa mayeso awo ndi ovuta. Tumizani anyamata ndi atsikana a ku Malambo akaphunzire, muwagulire magalasi oonera patali ndi mabuku a mbalame, atsikana makamaka chifukwa akadali ochepa pa ntchitoyi. A Chipembele akhala akuphunzitsa ana a sukulu za ku Mfuwe za chilengedwe kwa zaka zambiri ndipo zipatso zake zikuoneka, koma bungwe limodzi silingafike sukulu zonse. Ana ambiri a ku Chipata amamaliza giredi 12 osaonako Luangwa, pamene ndi ulendo wa maola awiri kapena atatu pa tara. Basi imodzi pa temu, sukulu zizisinthana, si ndalama yoti ingagwetse bajeti ya khonsolo.

Pomaliza ndikupempha a Nduna, itanani msonkhano umodzi ku Mambwe mvula isanagwe, mafumu akhalepo, a nkhalango, a nyama, a zamalimidwe, makampani a thonje, eni maloji, ma CRB, ndipo ootcha malasha ndi asodzi nawonso apatsidwe mpando ayankhule okha. Mugwirizane malo a mupani osadulidwa, zigombe za afulagombe ndi michenga yoswerapo mbalame zimene zili mbali ya kumidzi zilembedwe ndi kupatsidwa ozilondera a pamudzi omwe azilipidwa, ndi za timapaketi ta poizoni tija. Zimene mwagwirizana muziulutse pa wailesi mu Chinyanja ndi Chikunda kuti wa ku Malama ndi wa ku Msoro amve, ndipo mutiuze tsiku limene mudzabwerenso kudzatiuza pamene mwafika. Msonkhanowo muuchite mu Seputembala kapena Okutobala, ndipo musanalowe mu holo mupite kaye ku mtsinje mmawa mukaone afulagombe ndi maso anu.

Ine wanu mwaulemu,
Mwana wa ku Malambo wokhala ku Chipata